Matiketi Awiri, Anthu Atatu

Ine nyanja ndinaiona imvi zitayamba kale kumera m'ndevu. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa ndi a Luangwa, pa mlatho paja popita ku Lusaka, ndipo ngakhale pamenepo ndinkayang'ana msana wa dalaivala mpaka titaoloka. Koma mlongo wanga ataimba foni kuchokera ku Vubwi n'kundiuza kuti mwana wake woyamba wapeza banja ku Zanzibar, za madzi sindinaziganize n'komwe. Ndinafunsa kuti mwamunayo wamuona ndani.

"Pa foni tamuona, achimwene," anatero mlongo wanga.

"Pa foni ngakhale mbava imavala tayi."

Mwanayo ndi mbumba yanga. Kwathu kuno bambo amabereka, inde, koma ukwati ukabwera kapena mlandu ukagwa, anthu amafunsa kuti malume ake ali kuti. Tinamutcha dzina la malemu amayi athu, ndiye ine chibadwire chake ndimamuitana kuti amayi. Anaphunzira zophika ndi zosamalira alendo ku Chipata, kenaka mnzake wina anamuitanira ntchito ya pa hotela kutsidya kumeneko. Zinali zitatha zaka zitatu asanapondeko kuno. Pa wailesi ndinali nditamva kangapo za atsikana amene amapita kunja atalonjezedwa ntchito, akafika n'kulandidwa mapasipoti, n'kumauza makolo pa foni kuti zonse zili bwino munthu ataima kumbuyo kwa chitseko. Zimenezo zinandikhala m'mutu ngati nkhupakupa.

M'banja mwathu muli mwambo umodzi umene sitiulumpha. Mtsikana asanapite ku banja, malume ake amamutengera pambali, popanda bambo, popanda mayi, n'kumufunsa kuti, munthuyu ukumufunadi, kapena pali amene akukukankha? Amalume athu anamufunsa mlongo wanga kuseri kwa nkhokwe kumudzi kwathu, kufupi ndi Mkaika, ine nditaima patali kuthamangitsa ana kuti asamvetsere. Funso limenelo lisanafunsidwe, kwa ine palibe ukwati, kaya aimbe ng'oma sabata yonse.

Vuto linali lakuti mwanayo sindinkamupeza yekha. Kafoni kanga n'kamabatani, mafoni akunja sikakoka. Foni yoonetsa nkhope inali ya alamu anga, bambo ake a mwanayo, ndipo nthawi zonse akabwera ku Katete n'kuimba kuti ndimulonjere, foniyo sinkachoka m'dzanja lawo. Ndikangoti ndiyambe kufunsa zenizeni, iwo amvekere, "Netiweki ikuvuta, alamu, tiimbanso."

Alamu angawo ndi munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Amagula soya ndi nsawa m'midzi ya m'malire n'kumagulitsa, ndipo tinjira tonse tolowera ku Malawi ndi ku Mozambique popanda geti amatidziwa ngati mizere ya m'munda mwawo. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu sindinawaonepo atakwiya. Ine munthu wosakwiya ndimamuopa, chifukwa sudziwa kumene amasunga zinthu.

Anabwera Loweruka lina m'mawa pamalo anga owotcherera zitseko ndi mawindo, kuseri kwa msika. Anayala kalendala yakale pa benchi, kumbuyo kwake atajambula mzere wokhotakhota ndi bolopeni.

"Tikanyamuka pano, Chipata, boda ya Mwami, ndiye Malawi," anatero akutsata mzerewo ndi chala. "Kasungu, Mzuzu, Karonga, boda ina. Tikalowa Tanzania, Mbeya, Iringa, Morogoro, mpaka Dar es Salaam. Masiku atatu, tikapanda kuphulitsa tayala. Galimoto tikaisiya kumeneko, ife n'kukwera sitima ya pamadzi yopita pa chilumbapo."

"Chifukwa chiyani mukudzera ku Malawi? Dziko lathu lilibe msewu wa ku Nakonde?"

"N'kuzungulira, alamu. Mpaka mukafike ku Lusaka kaye, ngati munthu wofuna kukanda khutu lamanzere ndi dzanja lamanja."

"Maboda awiri m'malo mwa imodzi. Kumbuyo kwa galimoto mwanyamula chiyani?"

"Zikwama zathu."

"Basi?"

"Ndi matayala awiri apadera."

"M'matayalamo muli mpweya wokha?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwawo kuja kosaonetsa mano. Ine ndinali nditalumbira kale mumtima kuti sindikagona m'selo ya dziko la eni chifukwa cha katundu amene sindinamuone akupakidwa. Ndinawauza kuti tsiku lopakira ndidzakhalapo, ndipo thumba lililonse ndidzalimasula ndekha. Anavomera msanga. Kuvomera msanga kumeneko kunandivutanso.

"Nanga galimoto mukaisiya kwa yani?"

"Kwa mbale wake wa mkamwini. Ali ndi mpanda."

"Mkamwini wake uti? Ine sindinalandire mkamwini."

"Chabwino, kwa mbale wake wa mnyamatayo."

Akazi anga anali atasankha kale nkhuku yathadzi yoyera, yonenepa, yoti tikapereke kuchimuna monga timachitira pa chinkhoswe, iwo n'kutipatsa tambala. Nditatchula za nkhukuyo alamu anapukusa mutu. Anati nkhuku yamoyo sangaiolotse pa boda popanda mapepala a madokotala a ziweto, ndipo ngakhale ataipezera mapepala, masiku atatu m'kabasiketi padzuwa ikafika ili ndiwo kale. Tikagula ina komweko. Zinali zomveka, sindikana. Koma ine ndinamva ngati akuchotsa mwambo wathu m'galimoto chimodzichimodzi, lero nkhuku, mawa china. Tsiku lomwelo ndinatenga chitsulo cha sipuling'i yakale n'kusula khasu ndi nkhwangwa, mitu yokha yopanda mipini, zoti mkamwini akalandire kuchokera m'manja mwanga. Ndinazikulunga m'chitenje n'kuzibisa pansi pa bedi. Ndinati zimenezi ndiye tiona amene akazitsitse.

Miyezi iwiri inatha ndi mapepala. Pasipoti ndinakatenga ku Chipata, ulendo kawiri. Jakisoni amene amafuna pa boda ndinabayitsa, anandipatsa kakhadi kachikasu. Alamu ankathamanga ndi za galimoto: pepala la apolisi losonyeza kuti si yakuba, inshuwalansi yogwira m'mayiko onse atatu, chozimitsira moto, timakona tofiira toika pamsewu. Chilichonse chimene ankanena ine ndinkakafunsanso kwa madalaivala a mathiraki amene amaima pa Katete podikira kupita ku boda ya Mozambique. Ndipo chilichonse chinkapezeka choona. Munthu wina akanamasuka. Ine ndinaganiza kuti wabodza wodziwa ntchito amanena zoona pa zinthu zazing'ono.

Zinaululika Lachinayi lina masana, kutatsala masabata awiri. Alamu anabweretsa galimoto kwa makaniko kuti aione mabuleki, ndiye anandipempha kuti ndikawatengere mapepala amene anatumiza pa foni ku kashopu kosindikizira pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Mayi wa m'shopumo anandipatsa envulopu yosamata. Sindinama, ndinaitsegula ndisanatuluke n'komwe. Mafotokope a mapasipoti, atatu. Makhadi a jakisoni, atatu. Malo ogona ku Dar es Salaam, mayina atatu. Matiketi a sitima, awiri.

Ndinatembenuza envulopu n'kuikutumula. Ndinafunsa mayiyo ngati pepala lina latsalira m'makina. Anandionetsa pa kompyuta, anali awiri omwewo, la alamu ndi la mlongo wanga. Kupita ndi kubwerera. Dzina langa linathera pagombe.

Ndinabwerera ku galaja magazi akuwira. Koma ndinapeza alamu atagona chagada pansi pa galimoto pamodzi ndi makaniko, ndipo anthu anali ambiri. Kamodzi m'moyo mwanga ndinagwira pakamwa. Ndinawapatsa envulopu, iwo anathokoza, ananyamuka kubwerera kwawo. Ndinkafuna mlongo wanga akhalepo pomva.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Chipata, kenaka kagalimoto kodzaza ngati thumba la thonje kolowera ku Vubwi. Njira yonse ndinkalumikiza zinthu. Foni yosachoka m'dzanja. Netiweki yovuta nthawi imodzimodzi. Nkhuku yokanidwa. Galimoto yosiyidwa kwa mbale wa mnyamata, ndi ine wosiyidwa pamodzi nayo ngati mlonda. Ndinafika dzuwa lili pamutu n'kuwapeza awiriwo pakhonde akuswa nsawa. Mlongo wanga anadzuka kuti andilandire chikwama. Ndinakana kukhala.

"Alamu, mwanayu mwamugulitsa kwa yani?"

Alamu anasiya nsawa m'lichero n'kupukuta manja pa thalauzi. Anandikokera mpando.

"Matiketi a sitima ndawaona. Awiri. Ine mukanditenge masiku atatu, maboda awiri, kuti ndikalondere galimoto yanu? Mukufuna anthu kuno adzanene kuti malume anapita nawo, pamene malumeyo anangoona madzi? Mwalandira chiyani kwa anthu amenewo?"

"Khalani pansi, alamu."

"Sindikhala pakhomo pa munthu wogulitsa mwana."

Mawu amenewo ndinawanena mokweza, ndipo mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anachepetsa liwiro. Alamu anangoyang'ana pansi. Amene anayankha ndi mlongo wanga, munthu amene chikulire sanandibwezerepo mawu.

"Achimwene, asiyeni amuna anga. Miyezi iwiri akhala akukusenzerani katundu amene si wawo. Amene ananena kuti inu mukatsale kutsidya lino ndi mwana wanu yemweyo."

"Bodza."

"Ananena yekha, akulira. Anati amalume abwere, ndikufuna ndiwaone, ndikawapeza ku Dar es Salaam mwambo ukatha. Koma kwa apongozi anga asakafikeko. Mwaiwala za mphunzitsi wa ku Sinda?"

Sindinaiwale. Zaka zinayi kumbuyoko mnyamata wina wophunzitsa ku pulayimale kufupi ndi Sinda anabwera ndi amalume ake kudzafunsira mwana yemweyu. Analowa pakhomo panga magalasi akuda ali kumaso, dzanja limodzi m'thumba. Ndinamufunsa ngati wabwera kudzafunsira mkazi kapena kudzayendera sukulu. Ndinamufunsa za ana amene anasiya kumene ankaphunzitsa kale, ngakhale sindinamvepo kuti ali nawo, ndinkangogwedeza mtengo kuti ndione chimene chigwe. Amalume ake atayesa kumuikira kumbuyo, ndinawauza kuti mbuzi yawo akaimangirire kwina. Sanabwerenso. Patapita miyezi ingapo mwanayo ananyamuka kupita ku ntchito yakutali ija. Ine nthawi yonseyi ndinkati chinamutenga ndi malipiro.

"Mnyamata uja anali wamwano," ndinatero.

"Anali ndi diso lodwala, n'chifukwa chake anavala magalasi. Munamufunsa?"

Ndinakhala pansi, pa mpando umene ndinaukana uja. Koma mtima sunagone. Ndinaganiza kuti nkhani yotere ndi imene ndikanapeka ine ndikanakhala kuti ndikubisa chinthu, chifukwa imatseka munthu pakamwa ndi manyazi ake omwe.

"Ndipatseni foni," ndinawauza alamu. "Muimbe, mundipatse, mutsale pano nonse awiri."

Anaimba, anandipatsa. Kanali koyamba kuigwira ndekha. Ndinayenda nayo kudutsa khola la mbuzi mpaka pa chulu cha kumapeto kwa munda, pamene amati netiweki imakoka bwino. Nkhope yake inatulukira, atavala yunifolomu ya kuntchito, kumbuyo kwake kukumveka mbale.

"Amalume? Adadi ali kuti?"

"Ndawasiya kunyumba. Amayi, muli ndi yani kumeneko?"

"Anzanga a kukhitchini. Ndi nthawi yopuma."

"Pitani kumene mumagona. Foni musadule."

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anayamba kuyenda. Ndinaona khonde, mitengo ya kokonati, geti. Ndinamuuza kuti atuluke pagetipo n'kulowanso. Mlonda anangomukwezera dzanja. Atafika m'chipinda ndinati azungulitse foni, andionetse kuseri kwa chitseko ndi pansi pa bedi. Anachita, akupukusa mutu ngati bambo ake.

"Pasipoti yanu ili kuti?"

Anatsegula sutikesi, anaitulutsa m'kati mwa Baibulo, anaitsegula pa chithunzi.

"Mwakhutira, apolisi?"

"Sindinathe. Tsekani chitseko, mukhale pansi." Anakhala. Ndinachotsa chipewa, ngakhale ndinali ndekha pa chulu. "Munthuyu mukumufunadi, kapena pali amene akukukankhani?"

Kuseka kunachoka pankhope pake. Ankalidziwa funsolo, amayi ake anamuuzapo za kuseri kwa nkhokwe.

"Ndikumufuna, amalume. Palibe wandikankha. Adadi anayamba akana, ndinachita kuwanyengerera ndine."

"Nanga ine mwandisiyiranji pagombe?"

Anayang'ana kumbali, anapukuta m'maso ndi kolala ya yunifolomu.

"Anthu a kuno salankhula mokweza, amalume. Mlendo amamupatsa tiyi katatu asanamufunse chimene wabwerera. Inu mukafika n'kuyamba zija munachita kwa aphunzitsi aja, sadzakuyankhani. Adzakumwetulirani, adzakuperekezani ku sitima, basi nkhani yathera pomwepo. Ine ndinataya mmodzi. Uyu sindifuna kumutaya."

Mawu oyamba amene anafika pa lilime langa anali oipa. Ndinawameza. Ndinamuuza kuti ukwati wopanda nkhoswe ndi nyumba yopanda mzati, tsiku limene adzayambane adzaitana yani, bambo ake amene sangathamangitse ngakhale nkhuku pa mphale? Anaseka misozi ili m'maso. Ndinati nyumba imene akukalowa ndiyenera kuiona ndi maso anga, ndipo khasu ndi nkhwangwa ndasula kale.

"Ndiye mubwere," anatero. "Koma pakamwa musiye ku Katete."

"Ndikafunsa mafunso asanu okha."

"Limodzi."

"Atatu."

"Awiri, amalume, ndipo mutamwa kaye tiyi. Womasulira ndikakhala ine."

Ndinavomera. Ndinatsika pa chulu n'kubwezera alamu foni yawo. Kupepesa sindikudziwa bwino, ndiye ndinangokhala pansi n'kukoka lichero, tinaswa nsawa mpaka thumba linatha. Alamu sanatchule za mawu anga aja, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mayi wa ndowa uja ndiye anawafalitsa mudzi wonse, ndipo mlongo wanga sanandikhululukire msanga.

Ndili m'minibasi pobwerera m'pamene ndinazindikira chimene ndinavomera. Chiswahili sindichidziwa. Mawu anga onse akadzera m'kamwa mwa mwanayo, ndipo iye akawasefa ngati ufa, madeya onse n'kutsala m'sefa. Ine ndikafunsa kuti kodi uli ndi mkazi wina, iye akanena kuti amalume akuyamikira tiyi. Mwana ameneyu ndi wochenjera, anatengera kuchikazi.

Sabata yotsatira kunabwera dalaivala wina wa ku Tanzania kuti ndimuwotcherere chopondera cha thiraki yake. Nditamaliza ndinamukhazika pa benchi, ndinatulutsa kope, n'kumupempha kuti andiphunzitse mafunso anga awiri m'chilankhulo chawo. Loyamba, ngati mnyamatayo ali ndi mkazi wina kapena ana kwina. Lachiwiri, ngati adzamulola mwanayo kubwera kwawo pakagwa maliro kapena matenda, popanda kuchita kugwada. Dalaivalayo anati mafunso ndi abwino koma ndikuwatchula ngati ndikulamula galu. Anandibwerezetsa mpaka mawu anafewa, anawonjezeranso moni wautali woyambira. Tsiku lina ndinakawerengera dalaivala winanso wa ku Tanzania zimene ndinalembazo, osamuuza tanthauzo, kuti ndione ngati woyamba uja sanandiphunzitse zotukwana. Zinagwirizana.

Tiketi yachitatu inafika kutatsala masiku anayi. Ndinakaisindikiza ndekha ku kashopu kaja, ndinayerekeza dzina ndi la m'pasipoti chilembo ndi chilembo, ndinaonanso tsiku lobwerera. Alamu atati aisunge pamodzi ndi mapepala ena m'envulopu yawo, ndinati yanga ikhala m'thumba la malaya anga.

Tsiku lopakira ndinamasula thumba lililonse monga ndinanenera. Munali zovala, zitenje za mphatso, ufa pang'ono ndi nsawa zokazinga. Matayala apadera ndinawagogoda ndi sipanala, alamu ataima pambali manja kumbuyo. Tinanyamuka m'mawa dzuwa litangotuluka. Nkhuku yoyera ija inali ikupalasa pa dzala, akazi anga anati aisunga mpaka mwanayo adzabwere ndi mwamuna wake kudzaonekera. Khasu ndi nkhwangwa ndinaziika pansi pa mpando wanga, kope pa maondo. Tisanafike n'komwe pa mphambano ya ku Chadiza, mlongo wanga anandigwira paphewa kuchokera kumbuyo.

"Achimwene, mukung'ung'udza chiyani?"

"Ndikupemphera," ndinatero, n'kutseka kope.